Khoma Lokana Laimu

Bulashi inali itadutsa katatu pakhoma lakumaso, koma laimu ankangoyenderera ngati thukuta la mwezi wa Okutobala. Mayi Grace anaviikanso m'chidebe, napaka mwamphamvu kuchokera m'mwamba, n'kubwerera m'mbuyo kuti aone. Laimuyo anadzikulunga timibulu toyera, timibuluto tinathamangitsana mpaka pansi, khoma n'kutsala lotuwa monga linalili.

"Mayi a Augustine, tabwerani kuno," mayi Grace anaitana mwini nyumba, mayi Annette. "Khoma lanuli likutikana."

Linali Lachinayi m'mawa. Loweruka kunali chinkhoswe cha Nomsa, mwana womaliza wa a Eston ndi mayi Annette, ndipo akuchimuna ankachokera ku Mbungo. Pamudzi uja ku Yofu nyumba sinkalandira alendo otere isanayere. Amayi oyandikana nawo ankabwera ndi zidebe zawo, mabulashi awo ndi miseche yawo, n'kuiveka nyumba yonse laimu tsiku limodzi. Makoma atatu akale anali atayera kale mbee. Lotsala linali la chipinda chatsopano cha pulasitala wa simenti, loyang'ana kanjira kamene alendo akanadzera.

A Eston anali pansi pa mtengo wa mango akukhoma benchi. Atamva mawu a mayi Grace, hamala inayamba kugwa mofatsa ngati ikuopa kudzutsa msomali.

Iwo ankadziwa chimene khomalo linamwa. Dzinja lathali mvula ya mpoto inkaomba chipinda chimenecho mpaka madzi kutulukira mkati. Khoma linamera chuku chakuda, makina osokera anachita dzimbiri, ndipo bulauzi yoyera ya mayi Annette yopita nayo ku tchalitchi inatuluka m'sutikesi ili mawangamawanga ngati nkhanga. Augustine, mwana wawo woyamba amene ali ku Joni, atamva dandaulolo anatumiza pa sitima chigubu cha mankhwala oletsa madzi kulowa mu simenti. Mayi Annette analamula kuti chigubucho chikhale kuseri kwa chitseko mpaka chinkhoswe chidutse. Mwamuna wawo ankamudziwa. Ndi yemweyu amene anakonzapo gatala n'kulozetsa madzi onse a padenga m'khola la nkhuku.

Koma munthu amene anaponda simenti ku Joni zaka makumi awiri ndi zisanu sauzidwa za khoma. Mayi Annette atangokwera boti kupita ku Nkhata Bay kukagula zofunika pa mwambowo, a Eston anatsuka khoma, analisiya liume, napaka mankhwalawo kawiri. Mankhwalawo anali oyera ngati madzi, ndipo ataumirira sanasiye chizindikiro. Fungo linatha mwini nyumba asanabwere. Pachigubupo iwo anangoona chithunzi cha dontho litakhala pa njerwa. Timalemba ting'onoting'ono takumbuyo anatisiya, poti magalasi awo anali atatsekeredwa m'buku la mapemphero.

Tsopano amayi anali ataunjikana pakhomapo, aliyense ndi nzeru zake. Wina anati laimu ndi wakale, koma anzake anamulozera makoma atatu aja. Wina anati madzi a pamjigo ali ndi mchere, ndipo anakatunga ena. Khoma linawakananso. Mayi Grace anati mwina alipo wina wa mtima wa nsanje amene anadutsa pamenepa, ndipo ngati zili choncho aitanidwe abambo mfumu adzawaze madzi odalitsa.

"Nawonso angotsetsereka," anatero wina, onse n'kufa nacho chikhakhali.

Mayi Annette okha sanaseke. M'mutu mwawo munali munthu mmodzi, mayi Sofiya, azakhali a mnyamata wodzakwatira Nomsa, amene anaimba nawo kwaya kuyambira utsikana, ndipo kuyambira nthawi yomweyo sanagwirizanepo kuti mwa awiriwa wa mawu abwino ndani. Mayi Sofiya akaona chilema panyumba, pofika Lamulungu tchalitchi chonse cha ku Chipyela chimakhala chitachiona.

"Ndi Nickson ameneyu," anatero mayi Annette. "Mmisiri wanji wopaka pulasitala wokana laimu? Nomsa, pita ukamuitane, abwere adzandiuze chimene anathiramo."

Apa hamala inaleka. Nickson anali mmisiri wofatsa, wa ana asanu, ndipo dzina lake likanaipa pakati pa amayi amenewa sakanapatsidwanso ngakhale chimbudzi choti amange pachilumba chonse. A Eston anadzuka, anakutumula thalauza, nayenda pang'onopang'ono ngati akupita kukalapa.

"Musamuvutitse Nickson," anatero. "Khomali ndalipatsa mankhwala ndine."

Anafotokoza zonse, nawonjezera kuti ku Joni nyumba zosanjikizana amazichita chomwecho. Palibe anafunsa za ku Joni. Nomsa anakatulutsa chigubu chija, chimene chinali chitapepuka ndi theka, anachitembenuza, nawerenga timalemba tija mokweza uku akutanthauzira. Mankhwalawa amalowa mu simenti ndipo amathamangitsa madzi kwa zaka zingapo. Chilichonse chosungunula ndi madzi sichigwira pamwamba pake. Wofuna kukongoletsa khoma ayambe waganiza asanapake.

"Bambo a Augustine," anatero mayi Annette ndi mawu otsika, "safunsa anadya chiyani?"

"Phula," anayankha a Eston maso ali pa zala za kumapazi.

"Ndiye mwakhuta?"

Amayi aja anaseka mpaka ena kukhala pansi. Mayi Grace anati a Eston apatsidwe ulemu wawo, poti pa Yofu ponse ndi okhawo amene anakwanitsa kuphunzitsa khoma mwano. Anatsuka mabulashi awo n'kumwazikana, ndipo nkhani inafika kunyumba zawo iwo eni asanafike.

Lachisanu m'mamawa a Eston anatuluka ndi bulashi yawaya ndi mwala wonolera. Anali atatsimikiza kukanda khoma lonse mpaka litsegule pakamwa, kuti laimu agwire madzulo. Atangokanda kachigamba kofanana ndi chikhatho, anamva mapazi kumbuyo kwawo. Mayi Annette anali ataima ndi kapu ya madzi m'manja. Anawaza madziwo pakhoma. Madontho anaima ngati mikanda, nagubuduka. Pa kachigamba kokandidwa kaja pokha ndi pamene panada, simenti itamwa.

Anayang'ana kachigambako nthawi yaitali. Kenako analowa m'chipindamo, ndipo a Eston anawamva akutsegula sutikesi. Atatuluka anali ndi nkhope ya munthu amene wamaliza kuwerengera.

"Siyani kukanda," anatero. "Chinkhoswe ndi tsiku limodzi, dzinja ndi miyezi inayi. Pamene mwakandapo mupakenso mankhwala aja."

A Eston anayamba kumwetulira, koma mayiwo anakweza chala.

"Musafulumire kuonetsa mano. A Sofiya akafunsa, ine ndilibe pakamwa. Mukawayankha nokha."

Loweruka akuchimuna anatulukira pakati pa milambe cha m'ma teni koloko, amayi atasenza madengu, akuimba. Patsogolo panali mayi Sofiya, duku litaima ngati tanga la boti. Anafika pabwalo, analandira moni, anakhala pamkeka, maso awo n'kuyenda ndi nyumba. Anadutsa khoma loyera, anafika pa lotuwa, naima pomwepo.

"Anzathu a ku Yofu," anatero mokoma, "mukanatiuza kuti laimu wavuta. Kwathu anatsalako theka la thumba, tikanasenza."

Anthu anaseka chamumtima. Mayi Annette anayang'ana mwamuna wawo. A Eston anaimirira, anakonza jekete lawo la ku Joni, natsegula pakamwa kuti ayambire pa chaka chimene anakwera basi ya ku Beitbridge popita ku Joni. Mkazi wawo anadziwa kuti ulendo umenewo sufika pakhoma dzuwa lisanapendeke. Anatola beseni la madzi osamba m'manja limene linali pafupi, nalikhuthula lonse pakhomapo.

Madzi anaphulika, anadzigawa mikanda yonyezimira, nathamangira pansi. Khoma linatsala louma ngati silinaone kanthu.

Amalume a mnyamata, nkhalamba ya ndodo, anadzuka nakaligwira ndi chikhatho, nayang'ana chikhathocho. Anapempha kapu kuti ayese okha. Atatha iwo anayesa wina, kenako wina. Ankhoswe anachita kuwomba m'manja kuti anthu akhale pansi mwambo uyambe, ndipo Nomsa, amene ankadikira m'nyumba atavala kale, anatumiza uthenga wofunsa ngati alendowa abwerera iye kapena khoma.

Chinkhoswe chinayenda bwino. Mayi Sofiya anaimba, mayi Annette anaimbanso, ndipo funso lakale lija silinayankhidwe. Anthu akudya, mayi Sofiya anasendera kufupi ndi mnzawoyo. Mawu awo anali atasiya minga. Anati chiliza cha malemu amuna awo chimada chaka ndi chaka, ndere zimamera m'malemba, ndipo simenti yayamba kufumbutuka m'mbali. Anafunsa ngati m'chigubumo munatsalako.

"Munatsala," anayankha mayi Annette. "Koma ndiyambe ndapaka cha amayi anga. Nickson akakonze ming'alu, dzina lilembedwenso, liume, ndiye mankhwala pambuyo. Zotsalazo n'zanu, asebere, poti tsopano ndife banja limodzi."

Mayi Sofiya anagwedeza mutu, nati khoma lotuwa likayang'anitsitsidwa lili ndi ulemu wakewake.

Patapita sabata ziwiri, anthu a m'kanjira kopita ku Chipyela anaona banjali likudutsa m'mamawa. Patsogolo panali mayi Annette ndi bulashi yokulunga m'nyuzipepala. Kumbuyo kunali a Eston, chigubu paphewa, magalasi akulendewera pachifuwa pa chingwe chimene mkazi wawo anawamangira. Mayi Grace, amene ankayanika chinangwa pathandala, anawafunsa ngati lero awerenga kumbuyo kwa chigubu.

"Kawiri," anayankha a Eston osaima. "Kachitatu andiwerengetsa kumanda."