Madzi Ofiira m'Phale la Nkhuku

Margareta anali atatopa nako kuchapa nsanza zomanga mwendo wa mwamuna wake. Kakolo wa Andreya anatupa ngati dzungu, n'kuboola tizilonda tiwiri tochucha mafinya osalekeza. Fungo lake, abale inu, ngakhale galu ankalambalala khonde. Kuchipatala anati ndi TB ya m'mafupa. Azimwa mapiritsi tsiku lililonse osadumphitsa, apo ayi phazi lidzadulidwa. Anatinso asadabwe mkodzo ukamafiira, ndi mankhwalawo.

Miyezi iwiri yoyamba zinayenda. Chotupa chinaphwa, bambo uja n'kuyamba kutsimphina mpaka kudimba. Margareta ankamuikira mapiritsi m'manja m'mawa uliwonse, iye n'kuthamangira kumunda. Ndani angaime n'kumasuzumira kukhosi kwa munthu wandevu zake?

Kenaka chitopa chinagwa ku Msakambewa konse, nkhuku n'kumangofa. Masiku omwewo mwendo uja unayambiranso, fungo kuposa kale.

Tsiku lina akusesa, Margareta anapeza madzi a m'phale lomwera nkhuku ali psuu. Mtundu umenewo ankaudziwa bwino, pajatu chitini cha mkodzo ankakataya ndi iyeyo.

Atamufunsa, Andreya sanakane n'komwe, manyazi analibe. Akuti iye anali atachira kale. Akutinso mankhwala ophwetsa fupa la munthu sangalephere kachitopa, ndiye ankawasinja n'kumasungunulira nkhuku, makamaka tambala wake wamkulu uja.

"Ndiye ine, bambo a Danieli, ndakhala ndikufinya mafinya anu ndi manja odyerawa kuti tambala akhale moyo?" anafunsa Margareta.

Anamukweza pa njinga ya kabaza kubwerera kuchipatala. Adokotala atajambula mwendowo anapukusa mutu. Fupa linali litadyeka, chilonda chitalowanso matenda ena. Anadula m'munsi mwa bondo.

Patatha milungu itatu anabwerera kumudzi, Andreya akudumphira pa ndodo ziwiri, mwendo wa buluku utapindidwa n'kumangidwa ndi luzi. Nkhuku zonse zinali zitatha, kupatula tambala uja. Anali pa dzala, akupalasa ndi miyendo yake yonse iwiri.

Andreya anaima, nkhope n'kuwala. "Mwaona, mayi a Danieli? Mankhwala aja anagwira ntchito."

Margareta analavula malovu pansi. Anaika mtolo wa zofunda pakhonde, n'kulowa m'khitchini kukanola mpeni.