Mabotolo Opanda Kanthu

Mtembo umene nyanja inalavula ku Zarzis unali ndi dzino limodzi lokha, lobenthuka, ndipo ufa umene Thouraya, mtsikana wogwira ntchito mu labotale, anapalapo sunkakwana n'komwe mchere wotsina ndi zala ziwiri. Ntchito yake inali kuthira asidi pa ufawo m'kabotolo, n'kuyeza pa makina mpweya wotulukawo. Dzino limasunga chizindikiro cha madzi amene munthu ankamwa ali mwana, ndipo makina ananena kuti uyu anakulira kumapiri.

Kumapiri a Ain Draham kunali mayi Mabrouka, amene mwana wawo Lotfi anakwera bwato la ku Italy osamvekanso. Mayiwa ankaimba foni Lachisanu lililonse, mpaka Thouraya anayamba kudana nalo tsikulo. Ulendo uno anaimba ndi Thouraya, n'kuwatchula mwaulemu kuti Khalti, kutanthauza azakhali. "Khalti, msinkhu ukufanana, dzino likuti kumapiri. Bwerani."

Chifundo chinamupupulumitsa mtsikanayu, ndipo zimapsetsa mtima chifukwa lamulo ankalidziwa: osauza munthu zotsatira kuyeza kusanathe. Mabotolo opanda kanthu anali asanayezedwe. Amenewa ndi amene amaonetsa mpweya wakunja umene walowerera, kuti uchotsedwe pa zotsatira, koma iye anawaika kumapeto kwa thireyi.

Manambala awo atayamba kutuluka, Moncef, mnzake wa pantchito, anaima kumbuyo kwake tiyi ali m'manja.

"Achemwali, mabotolo anu opanda kanthuwa akhuta bwanji? Mwawadyetsa chiyani?"

"Ndi zivindikiro," anatero Thouraya chapansipansi. "Zakale zija tinangotsuka."

"Zatsopano zikuwotha dzuwa kudoko. Chotsani tione chotsala."

Anachotsadi. Mpweya wa m'chipindamo, womwe iwo eni ankapuma, unali wochuluka kuposa wa dzino. Chotsalacho chikanatha kukhala mapiri, chigwa, kaya dziko lina kumene. Ufa wonse unali utasungunuka kale mu asidi.

Moncef nthabwala zinamuthera. "Simunauze munthu, eti?"

Thouraya anatenga foni yake. Anali ndi mantha ndi manyazi, koma anawaimbirabe foniyo mayi Mabrouka. Inayankhidwa m'kati mwa phokoso la minibasi.

"Mwana wanga, tadutsa kale Kairouan," anatero mayi Mabrouka, mawu ali phee. "Nsalu yoyera ndagula, amalume ake a Lotfi ayamba kukumba manda pafupi ndi a bambo ake. Mulungu akudalitse, lero ndigona tulo. Unali ndi mawu?"

Thouraya anayang'ana kabotolo kaja, kongotsala asidi woyera ngati madzi.

"Ayi, Khalti," anatero. "Mufike bwino."