Thewera la Yakobo

Holide ya Ogasiti chaka chimenecho, a Oswald, mphunzitsi wa pa sukulu ina ya mishoni kufupi ndi Malindi, analengeza kuti banja lonse likacheza ku tauni ya Mangochi masiku atatu. Anali atalonjeza kalekale, ndipo Ruti, mwana wawo wachisamba wa zaka zisanu ndi ziwiri, sankaiwala lonjezo ngati mmene ankaiwalira masamu. Anakwera lole ya matola onse asanu: a Oswald atamanga tayi, mkazi wawo Maud, Ruti, Petulo wa zaka zinayi, ndi khanda Yakobo kumsana.

Maud ananyamuka ndi chinsinsi m'chikwama. Anali ndi chitenje chakale cha chipani, chija amayi ankavala povina pa misonkhano, chokhala ndi nkhope ya mtsogoleri wa dziko. Chitang'ambika pa msomali, kutaya kunamuopsa, kusunga kunalibe phindu, ndiye anachidula matewera. Anadula mozemba nkhopezo, koma chidutswa chimodzi, chachikulu bwino, chinamumvetsa chisoni. Anachisunga, nkhope n'kumaipindira mkati. Kunyumba ankachapa yekha n'kuyanika m'bafa, ndipo a Oswald sankadziwa kanthu, pakuti mwamuna wa masiku amenewo ankangodziwa kuti mwana wanunkha, mtengeni. Akadalisiya theweralo, koma Yakobo anali atatsegula m'mimba chifukwa cha mano, ndiye lililonse linali lofunika.

Maud ankadziwa bwino chimene akusewera nacho. Kwawo anthu ankanong'onezana za bambo wina amene anakulunga usipa m'nyuzi yokhala ndi nkhope yomweyo, n'kutengedwa pa galimoto, osabwerera. Nanga mphunzitsi amene mwana wake amaipitsira pankhopepo akanamutani?

Anafikira pa resitihausi ina ya m'mbali mwa msewu wopita kumsika. M'mawa mwake Maud anakankhira beseni la matewera akuda pansi pa bedi kuti adzachape madzulo, napita kukasamba. Atabwera anapeza ana atavala kale, Ruti akumwetulira yekhayekha ngati wadya shuga mobisa. Sanamufunse, ndipo onse anatulukira chipata cha kuseri, njira yachidule ya kutauni.

Tauni inawalandira ndi fumbi la mwera. Anaona nsanja ya wotchi ndi mfuti yakale ili pafupi pake, a Oswald n'kuyamba kufotokoza zaka ndi mayina ngati ali m'kalasi, pamene Petulo ankangofuna kukwera pamfutipo. Anamwa Fanta awiriawiri botolo limodzi. Kenaka anaima pa mlatho wa Shire kuonerera asodzi m'mabwato, ndipo pamenepo m'pamene Ruti analephera kupirira. Anakoka chitenje cha mayi ake n'kunena kuti wawathandiza ntchito: wachapa matewera onse a Yakobo.

Maud anafunsa kuti wayanika kuti.

"Pa chingwe cha kutsogolo, amayi, cha kumsewu. Kuli dzuwa lambiri."

Maud anaona m'maganizo nsalu ija itatambasuka ndi mphepo, anthu akumsika akudutsa, aliyense ndi maso ake. Anauza a Oswald kuti mwana wadziipitsira, abwerere kaye. Iwo anati adikire pang'ono, pali wojambula zithunzi apo awajambule onse pamodzi, poti ulendo wotere subwera kawiri. Maud anakana mwaukali umene mwamuna wake anali asanaumvepo, natembenuka. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Kuthamanga sikunatheke, chifukwa mayi wothamanga ndi khanda kumsana amakoka maso a tauni yonse. Anayenda ndawala, Yakobo akugunda mutu pamsana. Pafupi ndi msika anyamata awiri a malaya ofiira anamuimitsa kufuna khadi la chipani. Khadi anali nalo, lomanga pa mfundo ya mpango, koma zala zinakana kumasula. Mmodzi anaseka n'kufunsa ngati mayi akumva malungo. Anavomera kuti inde, malungo. Anamulola, koma anamva maso awo kumsana mpaka anakhota.

Atafika pa resitihausi, pa chingwe panali thaulo la munthu wina ndi malaya awiri. Matewera panalibe ndi limodzi lomwe.

Pakhonde panakhala bambo wina wa jekete, mlendo wa chipinda choyandikana ndi chawo, akuwerenga nyuzi, baji ya chipani ili pachifuwa. Anamupatsa moni. Maud anayankha atagwada pang'ono, akufufuza pankhope pake ngati pali chimene wadziwa, koma bamboyo anabwerera ku nyuzi yake. Maud analowa m'chipinda, nayang'ana pabedi, pansi pa bedi, ngakhale m'chikwama mmene ankadziwa kuti mulibe. Beseni linali mbee, lotsukidwa bwino.

Kuseri kwa nyumba anapeza Abiti Sumani, mayi wachikulire amene ankasesa m'zipinda ndi kutenthetsa madzi osamba. Ankasonkhezera moto pansi pa mgolo. Osatembenuka, analoza pa mpando pamene panali matewera opinda bwino. Maud anawatambasula limodzi ndi limodzi. Lija panalibe.

"Musavutike kufuna, mwanangu," anatero Abiti Sumani motsitsa mawu. "Latenthetsa madzi a alendo. Ine sindinaone kanthu, inunso simunataye kanthu."

Maud anagwada pa phulusa pomwepo, misozi ikungotsika. Anafuna kuthokoza, koma mayiyo anamuletsa ndi dzanja.

"Musathokoze msanga. Ine ndinali kumsika. Pobwera ndapeza litauma kale, lili peyupeyu. Amene adutsa pamsewupo ndi Mulungu yekha akuwadziwa. Ndipo amuna anu analemba dzina ndi sukulu yawo m'buku la alendo."

A Oswald anafika masana ndi ana, atakwiya chifukwa cha chithunzi chimene chinalephereka. Maud anatuma ana kwa Abiti Sumani, natseka chitseko, nawauza zonse monong'ona. Ankayembekeza kukalipiridwa, ndipo akadakonda kukalipiridwa. Koma iwo anangokhala pabedi, namasula tayi pang'onopang'ono, nafunsa ngati bambo wa pakhonde uja anali pomwepo kuyambira m'mawa. Maud sankadziwa. Anafunsanso ngati kunyamuka lero lomwelo sikuoneka ngati kuthawa. Icho sankadziwanso. Galimoto iliyonse ikachepetsa liwiro pamsewu, onse awiri ankasiya kupuma mpaka itapitirira.

Anagwirizana zonyamuka m'mawa, ati mwana wadwala. Koma panatsala pakamwa pamodzi posatsekedwa, ndipo pakamwapo panali pa mwana wokonda kufotokoza za ulendo kwa aliyense, kuyambira anzake a Sande sukulu mpaka a tcheyamani a chipani a m'mudzi, amene ankamukonda chifukwa cha kuchangamuka kwake.

Maud anamuitana Ruti m'chipinda, namukhazika pamiyendo. Anamuuza kuti akafika kunyumba anene za mlatho, za wotchi, za Fanta, koma za kuchapa asadzatchule kwa munthu aliyense, ngakhale kwa agogo. Wina akadzafunsa, ayankhe kuti sanachape kanthu.

Ruti anayang'ana mayi ake, kenaka bambo ake, amene tsiku lililonse ankamuphunzitsa kuti bodza ndi tchimo. A Oswald anayang'ana pansi.

"Kodi sindinachape bwino?" anafunsa mwanayo. "Ndinatikita kwambiri, amayi. Lija la nkhope ndinalitikita mpaka maso ake anaoneka, ndiye ndinalitambasula bwino kuti anthu asaone ngati ndife auve."

Maud anamukumbatira mwamphamvu mpaka mwanayo anadandaula kuti akumupweteka. Panja galimoto ina inachepetsa liwiro.

"Nena, Ruti," anatero Maud m'khutu mwake. "Nena ndimve. Wachapa chiyani lero?"

"Sindinachape kanthu," anayankha Ruti akulira.