Pota wa Bwana Sam

Foni inalira Filipo atakhala pansi pa mtengo pa Likhubula, pamene mapota amadikirira alendo okwera phiri. Woimba anali Samueli, mng'ono wake wa bere limodzi, uja wa ku banki ku Blantyre. Zaka zitatu osaponda kumudzi.

"Achimwene, Lachisanu ndikubwera ndi mlamu wanu. Akufuna kuzungulira phiri, masiku atatu. Mudzatinyamulire zikwama."

Mlamu! Filipo anamwetulira mpaka mapota anzake kufunsa ngati wapeza mzungu.

"Koma pali kakuti," Samueli anatsitsa mawu. "Millie za kwathu sazidziwa bwinobwino. Ndikamuuza ndekha pamwamba. Inu musayambe."

Lachisanu galimoto yoyera inaima. Anatuluka Samueli, kabudula wothina, magalasi akuda kulibe dzuwa, chikwama chamadzi chokhala ndi kapaipi kofika kukamwa ngati wodwala ku chipatala cha Mishoni. Kenako Millie, mtsikana wa nkhope yansangala, uja amayamba ndiye kupereka moni.

"Bebi, uyu ndi pota wathu," anatero Samueli.

Uyu. Anthuni, mwamva? Munthu amene ankakupukuta mamina ndi tsamba la mbatata, lero ndi uyu.

"Mwadzuka bwanji, bambo?" anatero Millie.

"Ndadzuka, madamu." Filipo anayang'ana mng'ono wake. "Bwana."

"Ndine Sam," anatero bwanayo. Ngakhale dzina analidula.

Anakwera njira ya Skyline, ija imaimirira ngati makwerero a pa denga. Filipo chikwama china kumsana, china pamutu, patapata kumapazi. Sam ananyamula foni. Pakona iliyonse ankaima n'kufotokozera Millie za phiri, zonse zabodza. Mpaka analoza mtengo wa paini n'kunena kuti mkungudza wotchuka uja ndi umenewu. Filipo anangokonza chikwama pamutu. Ankadziuza kuti tikafika pamwamba anena. Ankayeserera mumtima momwe adzamugwire mkono mlamu wake, ndi manja awiri.

Pa kanyumba ka alendo ku Chambe zinthu zimayenda chonchi: alendo mkati pa moto, mapota kuseri kwa mlonda. Filipo anawatungira madzi, anawawazira nkhuni, n'kukhala kaye pakhonde kuti mwina aitanidwa. Chinatuluka ndi mbale zoti atsuke.

Mlonda wake, mdala Lenard, anasuzumira pawindo n'kubwerako akukanda mutu.

"Filipo, kodi ameneyu si Samueli? Uja ankalira pano kuti nsapato zamuluma?"

"Mwasokoneza, mdala."

"Iii, makutu amenewo ndingasokoneze ine?"

Tsiku lachiwiri chiperoni chinatseka phiri lonse. Podutsa kupita ku Lichenya munthu sumaona ndi mapazi ako omwe, udzu wonyowa kumenya m'miyendo, miyala yoterera ngati sopo. Pa kamtsinje kena Millie anatsalira kumanga nsapato. Filipo anamugwira mng'ono wake pachigongono.

"Iwe, umuuza liti?"

"Mawa, achimwene. Lero watopa." Ankanong'ona, maso ali kumbuyo. "Vuto ndi lakuti ndinamuuza kuti bambo anali manijala ku esiteti ya tiyi."

"Manijala? Bambo aja anakalamba ndi dengu kumsana?"

"Simungamvetse. Kwawo ndi ku Namiwawa, bambo ake ndi dokotala."

"Nanga ine unati ndine ndani?"

Samueli anayamwa kapaipi kake.

"Ndinati ndinabadwa ndekha."

Millie anafika akupuma mwa befu. "Mukukambirana chiyani anthu inu?"

"Ndimamuuza kuti azichepetsa liwiro," anatero Sam. "Mapota awa sadziwa kuyenda ndi anthu."

Tsiku lachitatu ndi lotsika, ndipo phiri la Mulanje limabwezera potsika. Maondo a Sam, ozolowera ku jimu basi, anayamba kunjenjemera ngati a mwana wa mbuzi wongobadwa. Asanafike ndi theka lomwe, Sam anakhala pamwala, magalasi ali pamphuno, misozi ikutsikira pansi pake. Phazi atabinya, osatheka kuponda.

Filipo anabisa zikwama m'tchire, anagwada. "Kwerani, bwana."

Anamubereka. Munthu wamkulu, mimba ya soseji, manja atakoleka m'khosi mwake. Amatsika naye kamtunda, kumukhazika, kukwera kukatenga zikwama, kutsika, kumuberekanso. Njira imodzi kuiyenda katatu. Ali kumsanako Sam anayandikiza pakamwa pakhutu.

"Achimwene, pepani."

"Nena mokweza."

Kunangomveka patapata.

Millie ankabwera pambuyo. Maola anayi akuyang'ana mitu iwiri, makosi awiri, makutu anayi otambasuka mofanana. Mtsikanayo sanali wopusa ayi.

Atafika pa galimoto dzuwa litapendeka, Filipo anamutsitsa bwana wake pampando, miyendo ili panja. Millie anaima pakati pawo.

"Sam, ndifunse. Iwe ndi bambowa mukufanana kwambiri. Ndi abale ako?"

Funso silinali la Filipo. Anapukuta thukuta, anaima bwinobwino, anakonza ndi kolala yomwe. Chinangotsala ndi liwu limodzi, eya. Ndiponso mmene Millie anafunsira, sizimaoneka kuti angathawe.

Sam anawerama n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato. Anamasula ya kumanja. Anayamba ya kumanzere, pang'onopang'ono, ngati ntchito ya boma.

Filipo anadikira mpaka nsapato yachiwiri itavulidwa.

"Ayi, madamu," anatero. "Kuno tonse makutu ndi omwewa. Bwanawa ndawaona koyamba Lachisanu."

Sam anapuma mpweya wautali, wa munthu amene wapulumuka pa rodibuloko. Millie anamuyang'ana Filipo kanthawi, kenako anatsegula chikwama n'kumupatsa mabisiketi otsala ndi chitini cha nsomba.

"Mukawapatse ana."

"Zikomo, madamu. Muyende bwino."

Anayendetsa Millie, poti bwana phazi. Filipo anatsikira kumtsinje kukaviika mapazi, zidendene zitang'ambika. Madzi a Likhubula ozizira mpaka m'mano. Ali pomwepo foni inanjenjemera m'thumba. Samueli.

"Mwaitha achimwene." Ndi kachala koloza m'mwamba.