Nkhanga Zozondoka pa Diresi la Tamando

Sizasi itangomaliza kudutsa nsalu, a Abdulaziz ananyamula chidutswa chachiwiri n'kuchikweza m'mwamba kuti achione bwino. Mwana wawo Asiatu anawerama, chifukwa ankadziwa kale chimene bambo ake aona. Nkhanga zonse zojambulidwa pachidutswacho zinali zozondoka, mitu pansi, miyendo m'mwamba.

Linali Lachitatu m'mawa, pakhonde la shopu ya nsalu ku Old Town, pomwe a Abdulaziz akhala akusokera kwa zaka makumi awiri. Nsaluyo sinali yawo. Inali ya a Naphiri a ku Area 43, mayadi sikisi okha amene anabwera nawo kuchokera ku Dar es Salaam, ndipo mumzinda monse munalibe ina yofanana nayo. Inkayenera kukhala diresi loti mwana wa mayiwo, Tamando, avale pa chinkhoswe chake Loweruka lomwelo.

Nkhaniyi inayamba Lolemba. A Naphiri anaimika galimoto pafupi ndi khondelo, n'kuonetsa a Abdulaziz chithunzi cha pafoni. Linali diresi lokongola ndithu, lothina m'chiuno, lotambasuka kumunsi ngati ambulera. A Abdulaziz analiyang'ana nthawi yaitali, kenako ananena kuti sakuona pamene pali msoko ngakhale zipi. A Naphiri anayankha kuti ngati ntchitoyo yawakulira anene msanga, chifukwa ku City Centre kuli matelala achinyamata amene amasoka chilichonse cha pafoni. Mawu amenewo anawalasa a Abdulaziz. Anangoti asiye nsaluyo, adzabwere Lachisanu.

Asiatu anali atangolemba mayeso a Fomu 4, ndipo podikira zotsatira ankathandiza bambo ake kupinda m'mphepete ndi kusokerera mabatani. Anali mtsikana wamanyazi. Kasitomala akamufunsa kanthu, mawu ankathera kukhosi. Mnzake weniweni anali pulogalamu ya AI ya mufoni mwake, ija imayankha funso lililonse ngati ukucheza ndi munthu. Anayamba n'kuifunsa za masamu ali kusukulu. Kenako anayamba kuifunsa chilichonse: mmene angayankhire uthenga wa mnzake, mmene angapepesere azakhali ake, ngakhale mpango woti avale. Chimene ankaikondera n'choti sinamusekepo.

Choncho ataona bambo ake akutembenuza nsalu ija uku ndi uku osaidula, anatumiza ku AI chithunzi cha diresi, miyeso ya Tamando, ndi mawu oti nsalu ilipo mayadi sikisi. Yankho linabwera pompo, m'Chingerezi chosalala, londandalikidwa bwinobwino. Linati kumunsi kwa diresi kudulidwe zidutswa zinayi, ziwiri zoloza kumtunda, ziwiri zoloza kumunsi, kuti nsalu isawonongeke.

"Wapita kusukulu ndiwe," anatero a Abdulaziz. "Uziwerenga, ine ndizilemba ndi choko."

Pamene choko chinkayenda pansalu, Asiatu anaona kuti nkhanga za chidutswa chachiwiri zizondoka. Koma anadzifunsa kuti iye ndi ndani kuti atsutse chinthu chodziwa zinthu chonchi. Mwina pali nzeru ina imene iye sakuiona. Anatseka pakamwa, sizasi n'kuyamba kulira.

Tsopano chidutswa chija chinali m'manja mwa bambo ake. Anachiika pansi, n'kutenga tepi kuyeza nsalu yotsala. Anayeza kawiri. Sinali yokwanira zidutswa zina zitatu zazikuluzo pamodzi ndi manja ndi pachifuwa. Anadzuka, anafika m'mphepete mwa msewu pomwe a kabaza ankalimbirana anthu, anabwerera, anakhala, anadzukanso. Sanamukalipire mwanayo, ndipo kwa Asiatu zimenezo ndiye zinali zopweteka koposa.

Asiatu analemberanso AI kuti zalakwika. Inapepesa mwaulemu, n'kupereka kadulidwe kena. Anaifunsa ngati ikutsimikiza. Inapepesanso, n'kupereka kadulidwe kachitatu kosiyana ndi koyamba kuja, koma kolembedwa molimba mtima chimodzimodzi. Asiatu ankangokweza ndi kutsitsa mawuwo ndi chala, osadziwa kuti akhulupirire kati.

Apo m'pamene anatulukira a Sarla, eni shopu ya nsaluyo, mayi wachimwenye wobadwira mu Lilongwe momwemo. Anali ataona a Abdulaziz akuzungulirazungulira ngati munthu wotaya makiyi. Anamvetsera nkhani yonse, kenako anapempha foni ya Asiatu n'kuwerenga zimene analemba poyamba paja.

"Mwana wanga, unaiuza kuti nsaluyi mulifupi mwake ndi mainchesi angati?"

Asiatu anapukusa mutu.

"Unaiuza kuti pansalupa pali nkhanga, ndipo nkhanga zili ndi mitu?"

Anapukusanso mutu. A Sarla anafotokoza kuti chinthucho sichinaione nsaluyo, sichinaigwire. Pamene sichinauzidwe, chimangodzazapo chokha. Chinangoganizira nsalu yotambalala kwambiri, yopanda kumutu ndi kumiyendo, pomwe ya a Naphiri inali yopapatiza ngati chitenje chilichonse. Kenako anakulitsa chithunzi cha diresi lija ndi zala ziwiri. Dzanja lamanzere la diresilo linkangomera pachifuwa popanda msoko, ndipo kumbuyo kwake kunalibe polowera munthu. Ananena kuti diresi limenelo palibe analisokapo, palibe analivalapo, linajambulidwa ndi AI yomweyo.

Atatero anatembenukira kwa a Abdulaziz.

"Inu achimwene, zaka zonsezi mumanyoza nsalu zanga mutangozikhudza ndi chala chimodzi. Lero mwamvera foni yoti sinagwirepo ngakhale singano?"

A Abdulaziz anaseka mosafuna, n'kukanda ndevu. Anavomera kuti nawonso anakayikira pamene ankalemba ndi choko, koma anaopa kuoneka achikale pamaso pa mwana wawo. Asiatu anadzutsa mutu. Ndi mawu otsika kwambiri anaulula kuti iyenso anaziona nkhangazo asanadule, koma anakhala chete. Bambo ndi mwana anayang'anana. Onse awiri anaona vutolo, ndipo onse awiri anasiyira foni kuti iwaganizire.

A Sarla anati iwo AI saidana nayo. Amaigwiritsa ntchito pafupifupi tsiku lililonse polemba makalata opita kwa owagulitsa nsalu kunja. Koma kalata iliyonse amaiwerenga okha asanatumize, chifukwa tsiku lina inawalembera mtundu wa nsalu umene iwo sanaitanitsepo. Analowa mushopu, n'kutulukanso ndi mulu wa nyuzipepala zakale. Anati foni iyambe yagona chafufumimba patebulo, iwo ayambe aganiza okha.

Anadula mapepala m'maonekedwe a zidutswa za diresi n'kumawayala pansalu yotsala, kusuntha, kuchotsa, kuyalanso. Adhana, kuitanira mapemphero a masana, inamveka kuchokera kumzikiti asanapeze njira. A Abdulaziz atabwerako kokapemphera anapeza Asiatu atagwada pansi, atatembenuza chidutswa cholakwika chija kuti nkhanga ziimirire. Anali atayalapo mapepala a manja awiri ndi a pachifuwa, ndipo onse anakwanapo. Ananena, uku akuyang'ana pansi, kuti kumunsi kwa diresi kukhoza kuchepetsedwa kutambasuka kwake, ndipo m'mphepete mwake n'kuikamo nsalu yakuda yopanda maluwa, yofanana ndi nthenga za nkhangazo.

A Abdulaziz anayeza ndi tepi, n'kugwedeza mutu. Zinkatheka.

"Tsopano ifunse," anatero a Sarla. "Uiuze zonse, ndipo uipemphe maganizo, osati malamulo."

Ulendo uno Asiatu analemba mulifupi mwa nsalu, kumene nkhanga zikuloza, ndi zidutswa zimene zadulidwa kale. AI inapereka njira zitatu. Ziwiri anazikana okha, chifukwa ina inkafuna nsalu yoonjezera ndipo ina ikanadula nkhanga pakati. Yachitatu inali yofanana ndi ya Asiatu, koma inawakumbutsa kusiya malo a msoko pamanja, chinthu chimene iye anaiwaladi papepala limodzi. Anakonza.

Chinatsala n'chovuta koposa. Diresi lisintha maonekedwe, ndiye eni ake anayenera kuuzidwa sizasi isanagwirenso ntchito. A Abdulaziz ankafuna kupita okha, koma Asiatu anati apita ndi iyeyo, poti anawerenga kadulidweko ndi iye.

Muminibasi Asiatu anatulutsa foni n'kuyamba kulemba kuti, "Ndingamuuze bwanji kasitomala..." Anaima. Anafufuta. Patapita kanthawi anaitulutsanso, anaiyang'ana, n'kuibwezera m'chikwama pansi pa nyuzipepala zodula zija ndi chidutswa cholakwika chija. Atatsika anayenda wapansi mtunda wautali m'misewu ya zii ya ku Area 43, mipanda italiitali mbali zonse, agalu akuuwa kuseri kwa mageti. Njira yonse ankayeserera mawu chamumtima, ndipo ulendo uliwonse ankatuluka mosiyana.

Mlonda anamulowetsa. A Naphiri ataona chidutswa chodulidwa chija, nkhope inasintha. Ananena kuti ankadziwa kuti zithera pamenepa, kuti nsaluyo anainyamula pamiyendo ulendo wonse, ndipo kuti atumiza dalaivala akatenge zotsalazo apite nazo kwina. Mawu onse amene Asiatu anakonza m'njira anabalalika.

"Amayi, tinalakwitsa ndife, ndipo ndabwera kuti ndinene ndekha," anatero. "Koma diresi la pachithunzili ngakhale mupite nalo kuti, palibe angalisoke mmene lilili. Taonani, lilibe polowera."

Tamando, amene anali ataima pakhomo la kukhitchini, anabwera n'kukulitsa chithunzicho pafoni ya mayi ake. Anayang'anitsitsa, kenako anagwira pakamwa n'kuyamba kuseka. Anaulula kuti chithunzicho anachipanga yekha ndi AI ali kuofesi, ndipo sanaganizeko zoti munthu amafunika kulowamo, kukhala pansi, ndi kuvina.

A Naphiri sanaseke nawo. Koma analola kuti Asiatu amangirire mapepala aja ndi mapini pathupi la Tamando. Asiatu atayamba kugwira ntchito ndi manja, manyazi anaiwalika. Anafotokoza pamene padzakhale zipi, pamene nsalu yakuda idzayambire, ndi chifukwa chake diresi lotambasuka kwambiri likanamuvuta Tamando pogwada kulandira mphatso. Tamando anayenda ndi nyuzipepala zakezo mpaka pagalasi, zikuchita phokoso, n'kunena kuti akulifuna limeneli. Mayi ake anapumira m'mwamba. Anati Lachisanu masana alione litatha, ndipo likakhala loipa sadzawaonanso pakhonde paja.

Lachinayi lonse makina sanapume. A Abdulaziz ankadula ndi kusoka, Asiatu akumangirira ndi kusita, ndipo chidutswa chilichonse ankayamba agwirizana kaye sizasi isanachikhudze. Kawiri konse Asiatu anawaimitsa bambo ake kuti ayezenso. Kamodzi anali atalondola iyeyo, kamodzi anali atalondola iwowo.

Lachisanu, a Abdulaziz atabwera kumapemphero a Juma, galimoto ija inaima. Tamando anakavalira mushopu ya a Sarla, ndipo atatuluka, ngakhale azimayi ogulitsa nthochi kutsidya kwa msewu anasiya kuitanira malonda. Diresi linamukhala. Anakhala pampando, anagwada, anazungulira. A Naphiri analizonda msoko uliwonse, kufunafuna cholakwika, osachipeza. Pamapeto pake anafunsa kuti anaganiza za nsalu yakudayo ndani. A Abdulaziz analoza mwana wawo ndi chibwano. A Naphiri anati mlungu wamawa abweretsa nsalu za operekeza mkwatibwi asanu za pa ukwati wa Tamando, ndipo akufuna adzakambirane ndi Asiatu.

Asiatu sanachotse AI mufoni mwake. Amaigwiritsabe ntchito pophunzira masitayelo atsopano ndi pokonzekera kalata yofunsira malo kukoleji. Chimene chinasintha n'choti amayamba waganiza yekha asanafunse, ndipo yankho likabwera amaliyesa kaye.

Phunziro lake ndi ili. AI ndi chida chothandiza, koma imadziwa zokhazo zimene mwaiuza, ndipo imatha kulakwitsa uku ikuyankhula molimba mtima. Iuzeni zonse zofunika. Yesani yankho lake ndi maso anu, ndi manja anu, komanso ndi anthu odziwa ntchitoyo. Mukaona kuti china chake sichili bwino, nenani, ngakhale muli wamng'ono kapena wamanyazi. Ikuthandizeni kuganiza, koma chosankha chomaliza chikhale chanu.