Kavalo Mmodzi Asabayidwe

Ku Ha Ramosoeu, mudzi wa kumapiri, ndinakhalako zaka zinayi, kuposa kwina konse, chifukwa mawondo anakana. Galimoto sifikako. Odwala, makalata, ufa, zonse zimayenda pa kavalo, ndipo njira ya kuchipatala imatsikira kuchigwa chotentha cha Senqu, komwe timaudzudzu timapatsa akavalo matenda otupitsa mutu.

Mlangizi wa ziweto, 'M'e Nthabeleng (kwathu tikanati Mayi Nthabeleng), amabwera ndi katemera kamodzi pachaka. Kavalo akabayidwa sakweredwa milungu itatu. Choncho mudziwo umasiya mmodzi wosabayidwa kuti azitumikira onse, ndipo mabanja amasinthana. Wa chaka chapitacho anafera panjira, thovu lili m'mphuno.

Tsopano inali nthawi ya Ntate Sekoala (ndiye kuti Bambo Sekoala), nkhalamba yokhala yokha, mwini kavalo mmodzi yekha, Khunong. Tinampeza ataima naye pamzere kushedi yometera nkhosa, atafunda bulangete mpaka m'maso.

"Ntate, bulangetelo labisa inu, koma kavaloyo tikumdziwa," anatero Tlhoriso, mlamu wake. "Chokani pamzere."

"Ndangobwera kudzaonerera."

"Kuonerera muli wachitatu pamzere?"

Anthu anaseka, koma pang'ono.

"Khunong wakalamba, alamu. Akatsika kuchigwa wosabayidwa, sabwerako. Ndilibe wina."

"Nanga munthu akadwala mawa, akwera inu?"

"Akwere ine."

'M'e Nthabeleng anali atatopa, midzi ina itatu ikumdikira. "Ine sindinabwere kudzaweruza milandu, bo-Ntate. Ndibaye kapena ndisabaye?"

Sekoala anasisita khosi la kavalo wake. "Bayani, 'M'e. Ulendo uliwonse wa milungu itatuyi ndi wanga, wapansi."

Anabaya pakhosi.

Tsiku lachisanu mkazi wa Tlhoriso anaterereka pamwala pobweza nkhosa, nathyoka mwendo. Tinamanga machira. Apa m'pamene zinaoneka kuti lonjezo la munthu mmodzi limafuna mapewa anayi: Sekoala, Tlhoriso, mphunzitsi wa pamudzipo, ndi ine wa mawondo angawa. Ulendo wa tsiku limodzi tinauyenda masiku awiri, mvula ili pamsana. Mayiyo sanalire. Ankangoluma bulangete tikapunthwa.

Pamtunda womaliza Sekoala anakhala pansi, kudzuka kunakanika.

"Dzukani, kavalo wathu," anatero Tlhoriso, osaseka. "Kapena tikupatseni udzu?"

"Ndipatseni. Ndidya."

Anadzuka. Tinafika. Mwendo anaumanga, koma anamwino anati tinachedwa, mayiyo azidzatsimphina.

Titabwerera, mudzi unakhala pansi. Sanakangane, onse anali otopa. Anagamula kuti nthawi ya Sekoala sinathe, yangodikira chaka chamawa, ndipo tsiku la katemera Khunong adzamangidwa kwa Tlhoriso kuti asadzaimenso pamzere.

Ndinamperekeza mkuluyo kwawo, tonse tikukoka miyendo.

"Ndiye mwapindulanji, Ntate?" ndinamfunsa.

"Chaka," anatero, nalowa m'khola kukaona ngati pakhosi paja patupa.