Mlamu Wanga Womanga Kambuku

Kwathu ku Gabura palibe amene amakafula uchi m'nkhalango popanda womanga. Womanga ndiye amayamba kutsika m'bwato, n'kugunditsa dzanja pamatope, n'kunong'ona mawu otseka pakamwa pa kambuku. Ndipo mukangolowa m'mitengomo, dzina loti kambuku silitchulidwanso. Timati Amalume.

Womanga wathu wakale anali nkhalamba Kalachand. Atamwalira, mlamu wanga Hatem, mwamuna wa mlongo wanga Rokeya, anayamba kuuza anthu kuti nkhalambayo inamusiyira mawu aja isanatsirizike. Ine ndinangoseka. Hatem ankagulitsa tiyi padoko, ndipo masiku amene Kalachand ankamwalira iye n'kuti ali kutauni ya Khulna kochotsa dzino. Komanso nkhalambayo inali itauma lilime, ngakhale madzi inkapempha ndi maso.

"Alamu, zimenezi mwazitola kuti?" ndinamufunsa.

Nayenso anaseka. "Tiyi sakuyenda malonda, alamu. Anthu akungofuna wina wowatsogolera. Kodi mukuganiza kuti Amalume amamva chinenero cha anthu?"

Chaka choyamba anapita ndi gulu, onse anabwerako amoyo. Chotsatira chimodzimodzi. Anasunga ndevu, anasiya kudya nkhanu, n'kuyamba kumanga kansalu kofiira pamkono. Tsiku lina nditamukumbutsa za dzino lija, anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu.

"Dzino liti? Ine ndinali pomwepo. A Kalachand anandikoka khutu ndi dzanja lamanzere, m'kamwa mwawo mukununkha fodya, kunja kukugwa mvula. Mwaiwala?"

Sankaseka ayi. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kumuopa.

Koma chaka chimenecho madzi amchere a m'nyanja anasefukira m'munda mwanga, mpunga wonse n'kupserera. Womanga wina panalibe. Ndinakwera bwato la Hatem pamodzi ndi Fotik, mnzanga wa paubwana amene anali atangokwatira kumene Moyna, ndi amuna ena awiri a kutsidya.

Tinalowa m'kamtsinje kopapatiza dzuwa litakwera ndithu, madzi akuphwera. Hatem anatsika, matope n'kumulekeza m'mawondo. Pafupi naye pomwepo panali mapazi a Amalume, lililonse lalikulu kuposa chikhatho changa, ndipo madzi anali akulowabe pang'onopang'ono m'maenje mwake.

"Achimwene, mapaziwa ndi a pompano," anatero Fotik motsitsa mawu. "Tiyeni tikayese kwina."

Hatem anaika dzanja m'phazi limodzi n'kutsinzina. Milomo yake inagwedera kwa kanthawi.

"Ndamanga," anatero. "Dzanjali latentha mpaka m'phewa. Kumene aliko nsagwada zawalemera."

"Bola mwamanga ndi chingwe chatsopano, osati chija mbuzi yanu imadula tsiku ndi tsiku," Fotik anatero. Tinaseka, koma maso athu anali pa mapazi aja.

Wofula uchi amayenda maso ali m'mwamba kutsata njuchi, pansi mizu yosongoka ikumubaya kumapazi. Kumbuyo kwake sakuona. Tinayenda motero, Hatem patsogolo, akuponda mwamatama ngati ali pabwalo la kwawo. Apusi amene ankatilondola m'mitengo anangoti zii. Kenako gwape anakuwa kamodzi chakumanja kwathu. Mphepo inabweretsa fungo lina lake, lonunkha ngati mkodzo wokhalitsa.

"Alamu," ndinanong'ona, "ali pafupi."

"Atiperekeze kumene. Wopanda pakamwa angatani?"

Chisa tinachipeza pamtengo wopendekeka, chachikulu ngati chitseko. Tinayatsa miuni ya masamba aawisi, ine n'kukwera ndi chikwanje. Fotik anaima pansi atakweza mphika kuti ndiziponyamo. Utsi unakuta ponseponse, njuchi zikulira, moti ngakhale mwendo wanga sindinkauona bwino.

Ndinamva ngati wina wagwetsa thumba la mpunga. Kenako mphika unagubuduka n'kukagunda muzu.

"Fotik?"

Utsi utang'ambika pang'ono ndinaona msana wachikasu ukulowa m'zitsamba mosathamanga n'komwe, ndi miyendo ya Fotik ikukhwekhwereka pambuyo. Sanakuwe ngakhale kamodzi.

Sindikudziwa mmene ndinatsikira. Amuna awiri aja ankamenya mitengo ndi zibonga akukuwa. Hatem anali chiimire, muuni utamugwa, mkodzo ukuyenderera m'miyendo. Pakamwa pake pankangotuluka dzina la mkazi wake, "Rokeya, Rokeya."

Tinatsata magazi tikuchita phokoso mpaka mawu kutisasa. Tinamupeza pansi pa zitsamba zaminga, khosi litathyoka. Titamugwira kuti timunyamule, zitsamba zija zinabangula, mawu ake n'kumveka m'mimba mwathu mwenimwenimo. Tinabwerera chafutambuyo, mtembo uli pakati, maso ali kuzitsamba.

Kumtsinje tinapeza madzi ataphwereratu, bwato litakhala pamatope. Kuti tilikankhe tinayenera kufulatira nkhalango. Matope ankatigwira mpaka m'ntchafu, kuzula mwendo umodzi wina n'kumira. Kumbuyo kwathu kanthambi kanathyoka, kenako kena pafupi. Palibe anacheuka. Ine ndinkangomva khosi langa lili pamtunda, ndikudikira mano. Bwato litayandama tinadziponyamo ngati nsomba, n'kupalasa mpaka kumtsinje waukulu.

Hatem anakhala kutsogolo, akunjenjemera ngati wamalungo. Patapita nthawi anandikodola.

"Alamu, ku Khulna kuja..." Anandiyang'ana, maso ali jenkha ngati a mwana.

"Nenani," ndinatero.

M'malo mwake anayang'ana mtembo umene tinaufunditsa nsalu, kenako chikhatho chake, n'kumachitembenuza. Ndinaona kunjenjemera kuja kukuchepa.

"Dzanjali linatentha," anatero. "Inunso munaona. Mawu anagwira, apo ayi bwenzi tonse titathera pamatope paja. Alipo amene anamasula."

"Alamu, khalani chete. Pali maliro muno."

"Alipo anamasula, ndipo si wa m'bwato muno."

Pofika padoko nkhani inali itapsa kale m'mutu mwake. Kwathu mkazi sapesa tsitsi kapena kudzola mafuta kumutu mwamuna wake ali m'nkhalango. Moyna atathamangira kubwato akulira, Hatem anamuloza pamaso pa anthu onse.

"Taonani tsitsilo! Ndinaona ine ndili m'nkhalango, chipeso chili m'manja."

Moyna anagwira kumutu kwake, kukamwa kuli yasa. Tsitsilo linali lomangidwa bwino, monga amachitira mkazi aliyense wongokwatiwa kumene. Apongozi ake anamulavulira pomwepo.

Titaika maliro ndinaimirira n'kunena zonse, za tiyi, za dzino, za lilime la Kalachand. Anthu anati ndi nsanje ya pachilamu. Amuna awiri aja anati iwo anapulumuka chifukwa cha Hatem. Iye mwini anandiyang'ana mwachisoni chenicheni, n'kunena kuti mantha andisokoneza mutu, andikhululukire. Rokeya anandikokera kuseri kwa nyumba.

"Achimwene, mukufuna ana anga adye chiyani?"

"Iwe sukudziwa kumene mwamuna wako anali sabata imene Kalachand anamwalira?"

Anayang'ana pansi. "Ine sindikukumbukanso bwino."

Moyna, apongozi ake anamuthamangitsa pakhomo pawo mwezi usanathe. Anamanga kachisakasa m'mphepete mwa mtsinje, ndipo amakoka ukonde wa tinkhanu madzi akumulekeza m'chiuno. Akazi anzake akakumana naye m'mawa amapatuka. Ine ndinasiya za uchi, ndimaumba njerwa kutauni ya Jessore. Nyengo yotsatira Hatem analowa m'nkhalango ndi mabwato awiri odzaza, ndipo m'bwato lachiwirimo munali mng'ono wanga Sobhan, amene ndinamuchonderera mpaka kugwada koma anakana kundimvera.